Mawatsi a pa katoni sayimba nyimbo

Pali boza limodzi lomwe ife achinyamata a ku Chongwe timalilipira ndalama zathu, kulikweza pa minibasi, kulifikitsa kunyumba ndi kuliika pa malo aulemu pafupi ndi TV. Bozalo ndi nambala ija yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zofiira pa katoni ya ampu kapena ya hufa: 3000W, 5000W, pena mpaka 10000W. Kuchokera ku Silverest mpaka ku Kanakantapa, m'zipinda za ana a sukulu ku Chalimbana ndi m'nyumba za lendi pa boma, mkangano ndi umodzimodzi: yako ili ndi mawatsi angati? Amene watchula nambala yaikulu ndiye wapambana. Ife tikuti mkangano umenewu ndi wachabechabe, ndipo opindula nawo ndi okhawo amene amasindikiza makatoni.

Tiyambe ndi masamu a ku pulaimale. Magetsi a ZESCO amafika m'nyumba pa 230V. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito ili ndi fyuzi yomwe sipitirira 13A. Mawatsi amapezeka pochulukitsa mavoti ndi maampeya, ndiye 230 kuchulukitsa ndi 13 ndi 2990. Pamenepo ndi pamene pulagiyo imathera. Manje tiuzeni, ka bokosi kopepuka kamene mwana wa giredi 3 anganyamule ndi dzanja limodzi kangatulutse bwanji mawatsi 5000 kuchokera pa pulagi yomwe singapereke ngakhale 3000? Ketulo yamagetsi imadya pafupifupi mawatsi 2000 ndipo imawiritsa madzi m'mphindi zochepa. Ampu yanu ikanakhala ya 5000 zoona, bwenzi mukuphikira nsima pamwamba pake.

Tembenuzani ampuyo muone kumbuyo, kapena werengani pa adaputa yake. Kawirikawiri mupeza tizilembo ting'onoting'ono: 12V, 5A. Kumeneko ndi mawatsi 60 olowa. Palibe makina padziko pano amene amatulutsa mphamvu yoposa imene alandira. Chilembo chachikulu ndi cha wotsatsa malonda, chaching'ono ndi cha injiniya. Khulupirirani injiniya.

Chinyengo chimenechi chili ndi dzina lake, PMPO. Ndi nambala imene ilibe muyeso wogwirizana, kampani iliyonse imadzipangira yake. Nambala yoona ndi ija imene ambiri amaitcha RMS, yomwe imakamba za mphamvu imene ampu ingapereke mosalekeza popanda kuwononga mawu. Nkhani iyi sinayambe lero. Ku America, bungwe la boma la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo mu 1974 lokakamiza ogulitsa maampu kulemba mphamvu yosalekeza, chifukwa makampani anali atanyanya kukokomeza manambala. Papita zaka zoposa 50 chichitikireni zimenezo, koma ife kuno tikali kugula nkhani yomweyo monga ngati ndi yatsopano. Kuno kwathu tilinso ndi lamulo la 2010 loteteza ogula, ndipo bungwe la CCPC lilipo kuti liziona nkhani za malonda osocheretsa anthu. Koma lamulo silingathandize munthu amene sakudziwa kuti wanamizidwa, kapena amene amanyadira bozalo.

Musatimve molakwa. Sitikukamba kuti ampu yotchipa ndi gong'a. Pamenepa tikulimbana ndi gulu lachiwiri, la akatswiri a pakamwa amene amati ngati sunagule ampu yolemera monga njerwa za simenti, ya dzina lalikulu la ku Japan kapena ku Ulaya, ndiye kuti sudziwa nyimbo. Amenewa anatsalira m'zaka za makaseti. Maampu akale a mtundu wa Class AB amataya gawo lalikulu la magetsi ngati kutentha, n'chifukwa chake amafuna thiransifoma yolemera ndi zitsulo zazikulu zoziziritsira. Maampu a Class D, amene adzaza msika masiku ano, amagwiritsa ntchito pafupifupi 90 peresenti ya magetsi amene alandira. Ndi aang'ono, satentha kwambiri, ndipo ndi otchipa chifukwa ntchito yaikulu imachitika m'kachipu kamodzi.

Chitsanzo ndi kachipu ka TPA3116 kopangidwa ndi Texas Instruments, kamene kali m'maampu ang'onoang'ono ambirimbiri, a mayina odziwika ngati Fosi Audio ndi ena opanda dzina n'komwe. Opanga kachipuko amanena poyera kuti kamapereka mawatsi 50 mbali iliyonse pa sipika ya maomu 4 ngati kapatsidwa 21V. Nambala yake ndi yochepa koma ndi yoona. Ndipo apa pali chinsinsi chimene ogulitsa ambiri sakuuzani: ampu yomweyo mukaidyetsa 12V chabe, singapitirire mawatsi pafupifupi 18 mbali iliyonse. Choncho mphamvu ya ampu yotchipa ili mu adaputa. Adaputa ya laputopu ya 19V yabwino imasintha ka ampu kameneka kuposa stika iliyonse imene angamate pa katoni.

Ena afunsa kuti, kodi mawatsi 50 angakwane? Tiyeni tiwerengenso. Sipika wamba ya m'nyumba imatulutsa madesibeli pafupifupi 88 pa wati imodzi, mukaima mita imodzi kuchokera pamene ili. Wati imodzi chabe. Pa mawatsi 10 mwafika pa 98, phokoso limene simungakambirane ndi mnzanu popanda kukuwa. Kuwirikiza kawiri mphamvu ya ampu kumangowonjezera madesibeli 3, kusintha kumene khutu limamva pang'ono chabe. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri, mphamvu iyenera kukwera kakhumi. Ndiye kusiyana kwa ampu ya 50 ndi ya 100 ndi kochepa kwambiri kuposa mmene mtengo wake umasiyanirana. M'chipinda cha mamita anayi mbali zonse, cha malata ndi pansi pa simenti, nyimbo zambiri timazimvera pa mawatsi osakwana 10. Otsalawo ndi nkhokwe ya pamene ng'oma yagunda mwamphamvu.

Apa ndi pamene timatayira ndalama. Munthu amatenga chilimba chake chonse n'kugula ampu ya magetsi othwanima ofiira ndi obiriwira, kenako n'kuilumikiza ku masipika a mapepala okhala m'bokosi la pulasitiki lomwe limanjenjemera lokha. Zikanayenera kukhala mosemphana. Sipika ndi imene imasandutsa magetsi kukhala mawu, ndipo ndi pamene kusiyana kwenikweni kumamvekera. Sipika ya madesibeli 91 poyerekeza ndi ya 88 ili ngati mwawirikiza ampu yanu kawiri osalipira ngwee. Bokosi la thabwa lochindikala, lomatidwa bwino, limene kalipentala wa pa msika wa Chongwe angakupangireni, limaposa mabokosi ambiri onyezimira a m'tauni. Ngati muli ndi ndalama zochepa, gawo lalikulu lipite ku masipika, lotsatira ku adaputa yabwino, ndipo ampu itenge zotsala.

Pali bodza lina loyenda m'makomboni lakuti ampu yaing'ono singaotche sipika. Zoona zake n'zakuti ampu yaing'ono yokakamizidwa ndi imene imapha matwita ambiri. Mukapotoza volyumu mpaka kumapeto, ampu imafika pamene magetsi ake athera ndipo imayamba kudula nsonga za mawu. Nyimbo imamveka yokhakhala, yokanda m'makutu, ndipo kawaya kopyapyala ka mu twita kamatentha mpaka kupsa. Kukhakhala kumeneko ambiri a ife timakutcha mphamvu. Si mphamvu, ndi kulira kwa makina amene akupempha chifundo. Chimodzimodzinso chizolowezi cholumikiza masipika ambiri pa waya umodzi. Masipika awiri a maomu 8 olumikizidwa pamodzi mbali ndi mbali amakhala maomu 4, ndipo awiri a maomu 4 amatsikira pa 2. Maampu ambiri otchipa sanapangidwire maomu 2. Amatentha, amazima, kapena amatulutsa utsi, ndiye timayamba kutukwana dziko limene anachokera pamene olakwa ndi mawaya athu.

Tsopano tikambe za malaiti, popeza palibe nkhani ya zamagetsi m'Zambia imene ingathe popanda iwo. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba, ndipo miyezi yotsatira madera ambiri ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Chaka chimenecho chinatiphunzitsa kuti chinthu chilichonse cha m'nyumba chiyenera kufunsidwa funso limodzi: kodi chingayende pa batire? Ampu yaikulu ya thiransifoma imafuna invata, ndipo pa mainvata otchipa imang'ung'udza. Ka ampu ka Class D kambiri kamalandira 12V molunjika kuchokera ku batire ya sola. Batire ya 12V 100Ah imasunga mawatsi 1200 a ola limodzi, ndipo ngati ndi ya mtovu mumagwiritsa ntchito theka kuti isafe msanga. Ampu ikamadya mawatsi 15, thekalo likupatsani maola 40 a nyimbo. Ndani tsono ali ndi makina apamwamba, amene ali ndi 5000W yokhala chete mumdima, kapena amene Yo Maps wake akuimba mpaka m'mawa? Ingokumbukirani kuika fyuzi pa waya wochokera ku batire, komanso kuzula pulagi malaiti akapita, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali umene umaotcha maadaputa.

Ndiye pali makutu athu, omwe palibe shopu ya ku Kamwala kapena ku City Market imene imagulitsa ena osinthira. Bungwe la World Health Organization limachenjeza kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi padziko ali pa ngozi yowononga makutu chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo. Muyeso wawo kwa munthu wamkulu ndi madesibeli 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo phokoso likakwera ndi madesibeli 3, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Kulira kuja kwa m'makutu mukachoka pa phwando ndi chenjezo. Mpikisano wa mawatsi ndi mpikisano wofuna kuona amene ayambe kugontha.

Komanso tisaiwale kuti khoma la nyumba ya lendi si lathu tokha. Kuseri kwake kuli namwino wochokera ku ntchito ya usiku, mwana wa giredi 12 amene akuwerengera mayeso, ndi ambuya amene mutu ukuwawawa. Besi imadutsa khoma mosavuta kuposa mawu ena onse. Ife timamva nyimbo, iwo amangomva kugunda. Pa Chakwela Makumbi, pamene Asoli asonkhana ndi mfumu yawo yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, masipika akuluakulu ali ndi ntchito chifukwa anthu ndi ochuluka ndipo ali pabwalo. Chipinda chanu si bwalo la mwambo. Kugula makina a pabwalo n'kuwatsekera m'chipinda chimodzi kuli ngati kugula thirakitala yolimira dimba la repu kuseri kwa nyumba.

Chotipweteka kwambiri n'chakuti nyimbo zathu zomwe ndi zimene zikuvutika. Mvetserani kalindula ya P.K. Chishala kapena ya Amayenge. Besi yake imayenda, imakwera ndi kutsika, ili ndi nkhani yake. Pa hufa yokakamizidwa manotsi onsewo amasanduka kugunda kumodzi kopanda tanthauzo. Magitala a Paul Ngozi, a WITCH ndi a Amanaz, amene anthu a ku Ulaya ndi ku America akuwagulanso pa malekodi masiku ano, ali ndi ukali wake umene oimbawo anaufuna dala. Mukawonjezera kukhakhala kwa ampu yanu pamwamba pake, simukumvanso zimene anajambula. Ngakhale mawu a Chef 187 kapena a Slapdee, amene luso lawo lili m'mawu enieniwo, amamira m'phokoso. Timati timakonda nyimbo za kwathu, koma timazimvera ngati anthu amene akuzilanga.

Choncho ulendo wina mukakwera basi ya m'tauni, makilomita 45 aja a Great East Road, pitani ndi mafunso atatu. Funsani mawatsi a RMS, pa maomu angati. Werengani mavoti ndi maampeya a pa adaputa, muchulukitse nokha pa foni wogulitsa akuona. Ndipo pemphani kuti akuyatsireni nyimbo imene mumaidziwa bwino, pa volyumu yapakati, kuti mumve ngati mawu a woimba akumveka bwinobwino. Wogulitsa akayamba kukuuzani za 5000W, mufunseni za fyuzi ya 13A. Akakwiya, shopu yotsatira ili pafupi.

Ampu yotchipa si manyazi. Ndi nzeru ya munthu amene amadziwa kukula kwa chipinda chake, kulemera kwa thumba lake ndi khalidwe la malaiti a dziko lake. Manyazi ndi kulipira nambala imene fyuzi ya m'pulagi yomwe ikuikana, kenako n'kuyamba kudzitama nayo kwa anzathu. Tsiku limene tidzasiye kufunsana kuti yako ndi ya mawatsi angati, n'kuyamba kufunsana kuti ikumveka bwanji, osindikiza makatoni adzayamba kulemba zoona, chifukwa boza limene lilibe wogula silikhalitsa pa shelefu.