Nyama yopanda ubongo imene ikuthandiza odwala khansa

Mukamva zoti siponji, ndikudziwa mumaganiza za chotsukira mbale kapena SpongeBob. Komatu siponji yeniyeni ndi nyama ya m'madzi. Ilibe ubongo, mtima ngakhale mimba. Imangomatirira pamwala n'kumasefa madzi m'timabowo take, kudya tizilombo tosaoneka ndi maso.

Poti singathawe mdani, imadziteteza ndi makemikolo, ndipo asayansi anapezerapo mwayi. Mankhwala a cytarabine, amene amapatsidwa kwa odwala khansa ya m'magazi, anachokera pa kafukufuku wa siponji ya ku Caribbean m'zaka za m'ma 1950. Eribulin, wa khansa ya m'mawere, anayambira pa siponji ya ku Japan.

Mwina mukuti, "Nanga ife opanda nyanja yamchere zikutikhudza bwanji?" M'nyanja ya Malawi mulinso siponji yakeyake, Malawispongia. Dzinalo likuchita kunena lokha, koma ndani amaitchula? Nkhani ya nyanjayi ikangoyamba, timathera pa chambo ndi usipa basi.

Ine ndikuti inu amene mukuphunzira biology ku UNIMA, MUST kapena Mzuni, mukamasaka mutu wa kafukufuku, suzumirani pamiyala ya pansi pa madzi. Mbuna zili kale ndi ozifufuza ambiri.