Njinga yamoto ilibe ladiyeta, amalonda tamverani

Nkhani ya sabata ino ndi ya inu amene munasunga kaphindu ka tomato, usipa ndi kaunjika mpaka kugula njinga yamoto. Ena mumakwera nokha popita kokaoda katundu, ena munapatsa mnyamata kuti azichita kabaza, madzulo azibwera ndi ndalama. Zonsezo nzabwino. Koma dzuwa la October likangoswa mtengo timayamba kumva kuti injini ya auje yanoka, ndipo mwini wake akuloza chala mnzake wa benchi yoyandikana nayo, ati wamulodza. Ayi bambo, ayi mayi, palibe wakulodzani. Injiniyo yapsa.

Minibasi ili ndi ladiyeta, madzi amazungulira m'injini nkumachotsa kutentha. Njinga zambiri zadzaza m'matauni muno, za 100cc, 125cc ndi 150cc, kaya ndi Lifo, Boxer kapena TVS, madziwo zilibe. Zimadalira zinthu ziwiri basi, mphepo ndi oyilo. Tizitsulo tija tooneka ngati zipsepse za chambo tozungulira silinda sitokongoletsera. Kutentha kumatulukira mmenemo, mphepo nkukuuluza. Ndiye kuti njinga ikamathamanga ikudziziziritsa, ikaima injini ili chilirire ikudziphika yokha.

Tisazinamizire, injinizi nzolimba. Zambiri zochokera ku China zinatengera injini ya Honda CG125 yomwe inatuluka mu 1975, ndipo a Honda anaipanga dala poganizira maiko amene anthu amasenzetsa njinga katundu wosayenera, oyilo nkumasintha akakumbukira. Anatidziwa bwino azibambo aja. Komabe sanaipangire matumba atatu a mbatatesi, dengu la kabichi pamwamba, ndi mayi mwini katundu kumbuyo.

Taganizani njinga yotereyi ikuchoka pa Thabwa kukwera mapiri a Chikwawa kulowera ku Blantyre masana, nthawi yomwe kutentha ku chigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40. Injini ikukoka ndi mphamvu zake zonse, moto mkati ndi wochuluka, koma liwiro ndi la kamba, mphepo palibe. Mnyamata naye waumirira giya yaikulu poganiza kuti akusunga petulo, injini ikungogogoda. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, ikatentha imatupa msanga kuposa silinda imene ikuyendamo. Oyilo amene amayenera kukhala pakati pa ziwirizi wasanduka ngati madzi. Zikakhudzana, basi, yagwira. Kuchoka apo ndi kugula pisitoni, malingi, kubowetsa silinda, ndi masiku angapo njinga ili gone kwa makaniko, geni itaima.

Ndipo pali chizolowezi china chimene chimandinyansa. Thumba la makala kulikoleka kutsogolo, kapena kumanga katoni ndi chisaka pa zitsulo zotchinga miyendo ati kuopa matope. Mwatseka pakhomo pa mphepo, mukuti injini ipumire kuti? Dzinja likafika matope amamatirira m'zipsepse zija nkuuma gwa, njinga nkumayenda itafunda bulangete miyezi itatu. Kutsuka sikulira ndalama, koma tsukani injini itazizira.

Mawu amenewa ndanena dala, itazizira. Mudzaona munthu waima pa mjigo, injini ikununkha kupsa, iye nkutunga madzi kuikhuthulira, nthunzi fwaa, anzake nkumuyamikira kuti ndi dolo. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi mbali imodzi chimatha kupindika kapena kung'aluka, ndipo hedi ikang'aluka palibe zomata ndi sopo. Njinga ikatentha imikani pamthunzi podutsa mphepo, zimitsani, mudye chimanga chootcha mphindi 15 kapena 20. Kuthamanga sikufika, anatero akuluakulu, ndipo tomato saola ndi mphindi 20.

Za petulo nazo. Kusowa kwa mafuta kwa mu 2022 ndi zaka zotsatira kunaphunzitsa anyamata nzeru zina zoononga. Wina amapita kwa makaniko kukafinyitsa kabyuleta kuti njinga izimwa pang'ono. Imamwadi pang'ono, koma petulo akachepa mpweya nkuchuluka moto wa m'injini umatentha koposa, ndipo ndalama mwasunga pa lita mudzaisiya pa mavavu. Wina amagula mafuta a m'zigubu osadziwa kuti asakaniza ndi palafini, yemwe amagogodetsa injini ndi kuitenthetsa. Winanso amaima pa mzere wa ku filing'i siteshoni kapena pa siteji injini ili chilirire, kuopa kuti ikazima ivuta kuliza. Ngati ikuvuta kuliza konzetsani, osati kuiphika.

Koma mfiti yeniyeni ndi oyilo. Kainjini aka kamangolowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo lita imeneyi ndi yomwe ikufewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi, komanso kunyamula kutentha. Akachepa ndi kapu imodzi, gawo lalikulu lapita. Inu eni njinga, kodi munatsegulapo kachivindikiro kaja nkuona pomwe oyilo walekezera, kapena mumangowerenga ndalama za madzulo? Mnyamata amene mwamuikira ndalama yoti azibweretsa tsiku lililonse, kugwe mvula kuwale dzuwa, sangachotse yake kugula oyilo wabwino. Adzagula wa m'botolo la Fanta pamsewu, wakuda kale, wotsalira m'galimoto ya wina. Gulani nokha wa njinga, wolembedwa 4T, botolo lake losatsegula, nambala yake ikhale imene yalembedwa m'kabuku ka njingayo, nthawi zambiri 20W-50. Posintha mukhalepo, muone ndi maso anu wakale akutuluka.

Injini siifa osadandaula. Imayamba kufooka pokwera mtunda womwe dzulo imakwera bwinobwino, imalira ngati mwaponyedwa timiyala, imanunkha oyilo wopserera. Mukamva zimenezi uzani makaniko amasule pulagi muione kunsonga. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka zili bwino. Yakuda ndi mwaye ndiye kuti petulo akuchuluka. Ikakhala yoyera mbuu ngati phulusa, njingayo isanyamulenso thumba mpaka aone kabyuleta, fyuluta ya mpweya ndi mavavu.