Nyanja ya Chilwa idzaphwanso: kodi tidzati sitinauzidwe?

Pakati pa phiri la Zomba ndi malire a dziko la Mozambique pagona nyanja imene Mlengi anaimana khomo lotulukira, kotero kuti madzi onse amene Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani atsanuliramo, pamodzi ndi a Mnembo wochokera kutsidya kwa malire, sapitirira kunka kwina monga achitira madzi a nyanja ya Malawi potsata Shire, koma akhala momwemo kufikira dzuwa ndi mphepo zitawamwa. Nyanjayo ndiyo Chilwa, imene David Livingstone anaiona m'chaka cha 1859. Ndi yotambalala koma yosaya, pakuti m'malo ambiri mponda wa bwato ufika pansi osavuta, ndipo madzi ake ndi amatope ndi amchere pang'ono. Komatu m'matope omwewo ndimo muchokera matemba, makumba ndi milamba imene m'zaka zabwino inali kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno, ndipo m'chigwa chake, m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, mukhala anthu oposa 1.5 miliyoni amene mpunga wao, ndiwo zao ndi ndalama ya fizi ya ana ao zidalira kukwera ndi kutsika kwa madzi amenewa.

Nyanja yotere siikhala chimodzimodzi. Inaphwa mu 1968. Inaphwanso mu 1995. Mu 2012 inatsala pang'ono. Ndipo mu 2018 inauma kwambiri, mabwato a pa doko la Kachulu nakhala pa nthaka yong'aluka, anthu nafika ku chilumba cha Chisi ndi miyendo kapena pa njinga kumene kale ankapalasa ngalawa. Nthawi zonsezi ife a m'mizinda tinagwira pakamwa monga anthu oona malodza, nyuzi zinalemba za tsoka logwa mwadzidzidzi, akuluakulu a boma anapita kukajambulitsa pamatopepo, ndipo mvula itabwera mu Malichi 2019, ija inadza ndi namondwe Idai, nyanja nidzala, tonse tinaiwala. Chimene ndifuna kunena m'nkhani ino n'chakuti kudabwa kwathuko kunalibe chifukwa, pakuti m'dziko la Malawi mulibe nyanja ina yaing'ono imene anthu ophunzira anaisanthula mwakhama ndi kwa nthawi yaitali ngati iyi. Nzeru ilipo, yalembedwa, koma taisunga m'mashelefu a ku Chirunga m'chinenero chimene msodzi sawerenga.

Yunivesite ya Malawi ili yakhanda, mu 1966, aphunzitsi ake motsogozedwa ndi mayi Margaret Kalk anayamba ntchito yoyeza nyanjayi imene inatha zaka 10, ndipo mwamwayi, ngati tsoka la asodzi tingalitche mwayi wa wina, nyanja inaphwa iwo ali pakati pa ntchitoyo, kotero anaiona ili yodzala, naiona ikufa, naionanso ikuuka. Anayeza kuzama kwa madzi mwezi ndi mwezi, anayeza mchere m'mene uchulukira madzi akamachepa, anawerenga tizilombo ting'onoting'ono timene matemba adya, nalondola kumene nsomba zithawira; zonsezo anazisonkhanitsa m'buku limene linatuluka mu 1979. Anapeza kuti kuphwa ndi khalidwe lake la nyanjayi kuyambira kale, kuti kudza pamene mvula yachepa zaka ziwiri kapena zitatu motsatizana, ndi kuti chotero sikufika usiku ngati mbala, koma kuoneka kuli kutali kwa aliyense amene ali ndi choyezera mvula ndi ndodo yoyezera madzi.

Koma chachikulu chimene anapeza, chimenenso ine ndichiyesa choposa zonse, chili m'mitsinje. Nyanja ikamauma ndi kuchita mchere, nsomba zonse sizifa ai. Zotsala zithawira m'matsiriro a mitsinje, m'mathawale a pakati pa njedza ndi m'maiwe akuya a Domasi, Likangala ndi Phalombe, kumene madzi akhalabe abwino ngakhale m'chilimwe choopsa. Amene anaima pa dziwe lotere m'mwezi wa Okutobala adziwa maonekedwe ake: madzi obiriwira osaposa bwalo la mpira, milamba ikutulutsa mitu kudzapuma mpweya, matemba ataunjikana pamthunzi wa gombe, ndi kuchuluka kwake nkuti dengu limodzi loviika litulukamo lolemera. Nsomba zimenezo ndizo mbewu. Mvula ikabwerera ndi mitsinje nisefukira, izo ziswana, ana ake natsikira kunyanja, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu makoka ayambanso kulemera. Munthu wosinja katupe ndi kumuthira m'dziwe lotere m'chaka cha chilala, ngakhale njala yake tiimvetsa, wadya mbewu ya anthu a maboma atatu m'masana amodzi.

Nzeru imeneyi inayesedwapo, ndipo inagwira ntchito. Pa kuphwa kwa 1968 boma linayesa njira yosunga makumba m'maiwe okumba a ku Domasi kuti akawabwezere kunyanja madzi akadza. Njirayo inadya ndalama, koma zinaoneka kuti nyanja inadzazidwa makamaka ndi nsomba zimene zinadzipulumukira zokha m'mitsinje. Choncho mu 1995 a nthambi ya za nsomba anapita kwa mafumu, nakhala nao pansi, nagwirizana kuti m'maiwe ndi m'matsiriro musalowe khoka kapena katupe kufikira nyanja itabwerera. Midzi inasankha makomiti olondera mitsinje, opalamula analipitsidwa pabwalo la mfumu, ndipo nsomba zinabwerera. Apa mpamene ofufuza, boma ndi eni dziko anasenzera denga limodzi, ndipo sipanafunike ndege kapena makina a mtengo wapatali, koma kuti chimene wophunzira anaona chifike m'khutu la gogo chalo m'mau omveka.

Nanga chinalakwika nchiyani kuti mu 2018 tigwirenso pakamwa? Ena ayankha ndi mau amodzi, nati ndi kusintha kwa nyengo, ndipo atatero asamba m'manja. Ine sindikana kuti nyengo yasintha. Amene anaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 akugumula mapiri a Mulanje ndi Phalombe, madzi a Chilwa nasefukira m'minda ndi m'midzi ya m'mphepete, sangakane. Ndipo nzoona kuti pakati pa 1968 ndi 1995 panapita zaka 27, pamene kuchokera 2012 kufika 2018 panangopita zaka 6. Koma mau aja akuti kusintha kwa nyengo asanduka chofunda chimene tibisamo zolakwa zopangidwa ndi manja athu. Si utsi wa ku Ulaya umene unadula mitengo ya m'mapiri a Malosa ndi Chikala ndi kuiotcha makala; si anthu a ku America amene alima kufikira pamlomo penipeni pa Likangala, kotero kuti mvula yoyamba itenga dothi la m'munda ndi kukalitula m'nyanja imene ndi yosaya kale; ndipo masikito amene chipatala chinapereka kuti mwana asadwale malungo, nakasokedwa kukhala khoka losasiya ndi kanthemba kobadwa dzulo komwe, sanasokedwe ndi mlendo. Masikimu a mpunga a Domasi ndi Likangala nawonso, amene adyetsa mabanja ambiri ndipo palibe wanzeru anganene kuti atsekedwe, apatutsa madzi m'miyezi imene maiwe aja awafuna koposa. Ndipo funso la kuchuluka kwa madzi oyenera kusiyidwa mumtsinje m'chilimwe ndi funso limene liyankhidwa ndi miyeso, osati ndi mkangano wa mlimi ndi msodzi.

Pamenepa ndiye pali chilonda chathu. Kafukufuku wa zachilengedwe m'dziko muno ayenda ndi mapulojekiti, ndipo pulojekiti ndi mlendo, amene akulu anati ndi mame. Kuyambira 2010 panali ntchito yaikulu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kulimbana ndi kusintha kwa nyengo, imene anaiyendetsa a bungwe la LEAD la ku Chancellor College motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, pamodzi ndi a WorldFish ndi a kafukufuku wa zankhalango, ndi ndalama za dziko la Norway. Inachita zabwino zooneka: amayi a ku Kachulu analandira nyumba za pulasitiki zoyanikiramo matemba ndi kutentha kwa dzuwa, m'mene nsomba ziuma msanga, zopanda mchenga ndi ntchentche, nizikagulidwa pa mtengo wabwino kuposa zoyanikidwa pansi, mitengo inabzalidwa m'mphepete mwa mitsinje, anthu anaphunzitsidwa kuwerenga mvula ndi madzi. Sindichepsa ntchito imeneyo, kapena kunyoza dzanja limene linapereka. Koma nyanja imene iphwa kamodzi pa zaka makumi angapo siingadziwike ndi ntchito ya zaka zisanu, ndipo ndodo yoyezera madzi imene yawerengedwa zaka zisanu nisiyidwa zaka khumi, nidzawerengedwanso pakabwera wopereka wina, ipereka mbiri yong'ambika imene munthu sangaloserepo kanthu.

Tikumbuke nkhani ya m'Baibulo, kuti m'dziko la Aigupto chimene chinapulumutsa anthu ku njala sichinali kumasulira kwa loto la mfumu kokha, ngakhale kunali koona. Chinali akapitao amene anaikidwa m'midzi kusonkhanitsa tirigu chaka ndi chaka m'nyengo ya zokolola zambiri, pamene aliyense anali wokhuta ndipo ntchito yaoyo inkaoneka yopanda pake. Loto la Chilwa linamasuliridwa kale mu 1979. Chimene tisowa ndi kapitao: munthu wa malipiro ochepa koma osadumpha mwezi, wokhala pa Kachulu kapena pa mlatho wa Domasi, amene m'mawa uliwonse awerenga ndodo, nalemba m'buku, natumiza chiwerengerocho pa foni ku Zomba. Ntchito yotere ilibe ulemerero, siitsegulidwa ndi nduna kapena kudulirapo riboni, ndipo mwina nchifukwa chake siipeza malo m'ndondomeko ya chuma. Koma ndalama yake pa chaka siingafike pa mtengo wa galimoto imodzi mwa zija ziperekeza olemekezeka kukaona tsoka litagwa kale.

Ndiponso ophunzira athu ali ndi mlandu wao, umene ndiunena mwaulemu pakuti ndiwalemekeza. Wofufuza afika padoko ndi mapepala ake, afunsa msodzi mafunso makumi asanu, namuyezera nsomba zake, nabwerera. Zimene wapeza zituluka m'magazini a kunja m'Chingerezi cholimba, iye nakwezedwa pantchito, koma msodzi uja samvanso kanthu kufikira patafika wofufuza wina ndi mafunso omwewo. Kodi nchifukwa ninji chaka chilichonse, mvula ikatha mu Epulo, yunivesite ndi nthambi za nsomba, za madzi ndi za nyengo sizingatulutse tsamba limodzi m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe, lowerengedwa pa wailesi ndi pa mabwalo a mafumu, lonena poyera kuti madzi afika pakuti, mvula ya chaka chino ndi ya chaka chatha yachepa kapena yakwana, ndipo chaka chamawa tiyembekeze zotere? Wogula injini ya bwato pa ngongole akadamva, akadayamba waima. Mlimi wa mpunga akadadziwa mbewu yoti afese. Mfumu ikadaika alonda ake pamaiwe madzi asanaphwe, m'malo moitana msonkhano katupe atathiridwa kale.

Kuti kafukufuku womvera anthu atheka, tinaona mu 2016 pa nthawi ya kolera. Asodzi ambiri a Chilwa agona miyezi m'zimbowera, timisasa tomangidwa pa njedza zoyandama kutali ndi mtunda, kumene amwa madzi omwewo amene adzithandiziramo, ndipo katemera wofuna kumwa kawiri anali wovuta kuwafikitsira. A zaumoyo sanaumirire kuti msodzi asiye makoka ake nadzaima pamzere kachiwiri. Anayamba aphunzira makhalidwe a m'zimbowera, nampatsa katemera wachiwiri m'manja kuti akamwe yekha tsiku litakwana. Ngati a zaumoyo anatha kupinda njira zao kuti zilingane ndi moyo wa panyanja, a zachilengedwe alephera bwanji?

Dziko lathu linalembetsa Chilwa kukhala dambo lake loyamba lotetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 a UNESCO anailandira pa mndandanda wa malo osungirako chilengedwe. Maina aulemu amenewo tiwatchula pa misonkhano ya kunja, koma salonda dziwe ngakhale limodzi. Chifukwa chake ndipempha aphungu a Nyumba ya Malamulo ochokera ku Zomba, Machinga ndi Phalombe, amene mavoti ao ambiri anachokera m'manja onunkha matemba, kuti pokambirana ndondomeko ya chuma ikudzayi afunse mzere woonekera wa ndalama za boma la Malawi, osati za alendo, zolipira oyeza madzi a Chilwa ndi mitsinje yake ndi zofalitsira miyesoyo m'zinenero za anthu. Ndipo inu mafumu a m'mphepete mwa Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, musadikire kalata yochokera ku Lilongwe: maiwe amene adzasunge mbewu ya nsomba muwadziwa maina ake, yambani lero kuwaika pansi pa lamulo lanu madzi akadali odzala.