Mtengo wa mawaya owongola mano ku Britain

Mawaya owongola mano, omwe ambiri amawatchula kuti braces, ndi tizitsulo timene dokotala amamata pa mano n'kutilumikiza ndi waya kuti mano opanikizana kapena otuluka kunja asunthe pang'onopang'ono mpaka akhale pamzere. Chithandizochi nthawi zambiri chimatenga miyezi 18 mpaka 24. Ku Britain ana ena amachilandira mwaulere, pamene ena onse amalipira okha, ndipo ambiri amatero pangongole.

Chimene chimakweza mtengo

Tizitsulo ndi waya si zimene zimadya ndalama zambiri. Chimene munthu amagula ndi nthawi ya katswiri, yemwe amaphunzira udokotala wa mano zaka 5 kenako n'kuwonjezera zaka zina zitatu za kuwongola mano. Asanayambe amajambula nsagwada, amayeza mano, ndipo nthawi zina amazula ena kuti papezeke malo. Akatero wodwala amabwerako pafupifupi masabata 6 mpaka 8 alionse kuti waya aumange kapena ausinthe.

Ntchitoyi sifulumizika. Dzino limasuntha chifukwa fupa lolizungulira limasungunuka mbali imodzi n'kumera mbali inayo, ndipo kulikoka mwamphamvu kungawononge muzu wake. Mawaya akachotsedwa munthu amavalanso kachipangizo kotchedwa retainer, popeza mano amakonda kubwerera kumene anachokera.

Amene boma limawalipirira

Bungwe la zaumoyo la boma, NHS, limapereka mawaya mwaulere kwa ana osakwana zaka 18, koma osati kwa aliyense amene mano ake ndi okhota. Madokotala amagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa IOTN, womwe umagawa mavuto a mano m'magulu 5. Mwana wa m'gulu 4 kapena 5 amalandiridwa. Wa m'gulu 3 amalandiridwa pokhapokha maonekedwe a mano ake atapeza mapointi 6 kapena kuposerapo pa 10. Wa m'gulu 1 kapena 2 amabwezedwa, ngakhale atakhala kuti anzake kusukulu amamuseka. Olandiridwawo nawonso amadikira pamzere, m'madera ena kwa zaka, ndipo pamsinkhu umenewu kudikira n'kutaya nthawi imene nsagwada zikukula ndipo n'zosavuta kuwongola.

Akuluakulu NHS imawathandiza kawirikawiri pokhapokha vuto litakhala lalikulu.

Kulipira wekha

Kuchipatala choyima pachokha mtengo umayambira pa mapaundi pafupifupi 2,000 mpaka 6,000, malinga ndi kukula kwa vuto ndi mtundu wa zipangizo. Zachitsulo ndiye zotsikirapo. Zooneka ngati mano, zomata kuseri kwa mano ndi zapulasitiki zoonekera mkati monga Invisalign zimakwera.

Zipatala zambiri zimalola munthu kupereka ndalama yoyamba kenako n'kumalipira mwezi ndi mwezi, nthawi zina popanda chiwongoladzanja ngati amaliza msanga. Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachiona posaina: ngongoleyo nthawi zambiri siikhala ya chipatalacho koma ya kampani ina yobwereketsa ndalama. Choncho mgwirizano wa chithandizo ndi mgwirizano wa ngongole ndi mapepala awiri osiyana. Lamulo la Consumer Credit Act la 1974, m'gawo 75, limateteza wogula ndi kirediti khadi chinthu cha mtengo woposa mapaundi 100 mpaka 30,000: wogulitsa akalephera kupereka zimene analonjeza, banki nayonso imakhala ndi mlandu. Wolipira ndalama m'manja alibe chitetezo chimenechi.

Kugwa kwa SmileDirectClub

Kampani ya ku America ya SmileDirectClub, yomwe inayamba mu 2014 ndipo likulu lake linali ku Nashville, inkagulitsanso malonda ake ku Britain. Inatsitsa mtengo pochotsa chinthu chodula chija, maulendo opita kwa dokotala. Kasitomala ankadinda mano ake kunyumba kapena kuwajambulitsa m'sitolo, zapulasitiki n'kumupeza pa positi. Mu 2021 bungwe loyang'anira madokotala a mano ku Britain, General Dental Council, linachenjeza kuti kuwongola mano kuyenera kuyamba ndi kupimidwa bwino m'kamwa, ndipo kuti palibe njira imene yalowa m'malo mwa kuonana ndi dokotala maso ndi maso.

Mu Sepitembala 2023 kampaniyo inapempha khothi kuti liiteteze kwa oikongoza, ili ndi ngongole ya madola pafupifupi 900 miliyoni. Mu Disembala chaka chomwecho inatseka. Anthu amene anali pakati pa chithandizo anatsala opanda wowayang'anira, lonjezo la kampaniyo lowasamalira moyo wonse linathera pomwepo, koma amene ankalipira mwezi ndi mwezi kudzera mu ndondomeko ya SmilePay anauzidwa kuti apitirize kulipira. Kuwongola mano kukaima pakati, mano amayamba kubwerera, moti wofuna kumaliza ankayenera kupeza dokotala wina woti amupime kuyambira poyamba, n'kulipiranso kachiwiri.