CHENJEZO: Samalani ndi malo omwera khofi oseweretsamo tinyama mukapita kunja

Uthengawu upite kwa onse amene akupita ku Japan, South Korea, Taiwan, Thailand ndi maiko ena a ku Asia, kaya ndi kusukulu, kuntchito, kokaoda katundu kapena kukacheza chabe. Makolo amene mukutenga ana paulendo, muwerenge mpaka kumapeto.

M'mizinda ngati Tokyo, Osaka, Seoul ndi Bangkok muli malo omwera khofi ndi tiyi kumene mlendo amalipira kuti akhale mphindi 30 kapena ola lathunthu akusisita, kunyamula ndi kudyetsa tinyama. Zinayamba ndi amphaka mumzinda wa Taipei mu 1998, zinafika ku Osaka mu 2004, ndipo lero mupezako akalulu, mbira, akadzidzi, akatumbu, abuluzi, njoka ndi akanungu. Malowo ndi owala, osesedwa bwino, ndipo zithunzi zake zimakopa pa Facebook ndi TikTok. Koma dziwani kuti kanyama kooneka kathanzi kangathe kukupatsirani matenda oti mudzawamve mutafika kale kwanu.

Choopsa choyamba chili m'manja mwanu. Tengani chitsanzo cha kanungu, kanyama kaminga kaja kamene kamadzipinda ngati mpira kakachita mantha. Kamasunga tizilombo ta salmonella m'matumbo mwake popanda iko kudwala. Tizilomboto timatuluka ndi ndowe, n'kumatirira kumapazi, kuminga, m'zakudya zake ndi patebulo pamene kayenda. Inu mwakanyamula m'manja, mwakayandikiza kumasaya kuti mujambulidwe, kenaka mwagwira foni, mwanyema keke n'kuponya m'kamwa. Basi, matenda alowa. Ku America, bungwe loona za matenda la CDC linapeza kuti anthu 54 m'zigawo 23 anadwala salmonella yochokera kwa akanungu oweta pakati pa 2018 ndi 2019. Abuluzi, njoka ndi afulu nawonso amafalitsa matenda omwewa. Zizindikiro zake ndi kutsekula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi, ndipo zimayamba pakadutsa maola 6 mpaka masiku 6. Akanungu ndi amphaka amapatsiranso chipere, pomwe mbalame za mtundu wa zinkhwe zimafalitsa matenda a m'mapapo kudzera m'fumbi la zitosi zouma.

Choopsa chachiwiri ndi mano ndi zikhadabo. Kanungu ndi kadzidzi ndi nyama zoyenda usiku, masana zimafuna kugona. Zikamadzutsidwa ndi manja achilendo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pansi pa magetsi owala ndi phokoso la anthu, zimatopa n'kuyamba kulusa. Katumbu angaoneke wosewera, koma mano ake ndi oswera nkhanu. Chiwewe, chimene chimafala polumidwa, tonse timachidziwa kuno kwathu, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka, wodwalayo sapulumuka kawirikawiri. Ku Japan matendawa anathetsedwa pakati pa nyama m'zaka za m'ma 1950, koma ku Thailand, Vietnam, Philippines ndi pachilumba cha Bali ku Indonesia akadalipo. Musakhutire ndi mawu a wantchito wa pamalopo akuti nyama zonse zinabayidwa katemera.

Tinyama tachilendo tikaunjikidwa pamodzi, matenda amadumpha mosavuta. Mu 2003 makoswe ndi nyama zina zazing'ono zochokera ku Ghana zinasungidwa pafupi ndi tinyama toweta ta ku America totchedwa prairie dog, ndipo anthu 47 m'zigawo 6 za dzikolo anagwidwa ndi nthomba imene lero ikutchedwa mpox. Nyama zomwezo zinali zogulitsidwa poyera ngati ziweto za pakhomo.

Amene asagwire tinyamati n'komwe ndi awa: ana osakwana zaka 5, chifukwa zala zawo sizichedwa kulowa m'kamwa, amayi oyembekezera, popeza ndowe za amphaka ndi mkodzo wa nyama za mtundu wa mbewa zingathe kufalitsa tizilombo towononga mwana wosabadwa, okalamba, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake ndi chotsika, monga amene ali ndi HIV, matenda a shuga kapena akulandira mankhwala a khansa.

Ngati mwasankha kulowabe, tsatani izi:

Musadye kapena kumwa m'chipinda momwe muli nyama. Imwani khofi wanu musanazigwire.

Musapsompsone kanyama kapena kukaika pankhope.

Musadzutse nyama yogona, ndipo imene ikuthawa, kudzipinda kapena kufwenthera isiyeni.

Mukangotuluka, sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi osachepera 20. Sanitaiza yekha sakwanira. Pukutaninso foni yanu.

Mukaona khola lakuda, nyama yothothoka ubweya, yowonda kapena yomangoyenda uku ndi uku mosapuma, tulukani.

Mukalumidwa kapena kukalidwa, ngakhale bala likhale laling'ono motani, litsukeni nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, monga momwe bungwe la WHO limalangizira. Kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera wa chiwewe ndi wa kafumbata. Osadikira kuti mudzaonana ndi dokotala mukabwerera kumudzi. Lembani mtundu wa nyamayo, malo ndi tsiku.

Mukafika kwanu, khalani tcheru kwa milungu ingapo. Thupi likatentha, ambiri timathamangira kunena kuti ndi malungo n'kugula mankhwala pagolosale. Pitani kuchipatala mukayezetse, ndipo muwauze achipatala momveka kuti munali kunja ndipo munagwira nyama yakutiyakuti. Popanda mawu amenewo, angathe kutaya masiku akufunafuna matenda ena.

Ganiziraninso za nyamazo. Akatumbu ang'onoang'ono a ku Asia anayamba kuzembetsedwa kwambiri anthu atayamba kuwakonda ngati ziweto, mpaka mu 2019 maiko a m'pangano loteteza zachilengedwe la CITES analetsa malonda a akatumbu amenewa ogwidwa m'tchire pakati pa maiko. Ku South Korea, mu December 2023 kunayamba kugwira ntchito lamulo loletsa kuonetsa nyama zakutchire m'malo omwera khofi, ndipo eni malo akale anapatsidwa zaka 4 kuti asiye. Ndalama imene mumalipira pakhomo ndiyo imalimbikitsa kuti kanyama kena kakagwidwe kapena kuswanitsidwa m'khola lothina. Ngati mtima wanu ukufunadi kucheza ndi nyama, funani malo osunga amphaka opulumutsidwa m'misewu, kumene mphaka ali ndi pothawira akatopa ndi alendo.

Tumizani chenjezoli kwa wachibale kapena mnzanu amene ali paulendo, makamaka amene watenga ana, asanalowe m'malo oterewa.