PABWALO: Othandiza anzawo nawonso ndi antchito

Nkhondo itatha mu 1992, anthu atabwerako ku Malawi kumene anathawira, mabungwe omwe si aboma anathandiza kukumba mijigo ndi kumanga masukulu m'maboma a m'malire muno. Mpaka lero achinyamata aku Angónia, Tsangano ndi Macanga amapalasa njinga mudzi ndi mudzi m'dzina la mabungwewa, kulangiza za Edzi ndi ulimi.

Koma ena amatha zaka osasainira kontratu. Amatchedwa "odzipereka", n'kumapatsidwa ya sopo basi. Pulojekiti ikatha amabwerera kumunda chimanjamanja.

Lamulo la ntchito la 2023 silisiya kunja mabungwe. Amene amalamulidwa ndi bwana, nalandira malipiro, ameneyo ndi wantchito. Maola ake ndi 8 pa tsiku, 48 pa sabata. Mayi akachira apume masiku 90. Ku INSS bungwe lizipereka 4 peresenti, wantchito 3 peresenti, kuti akadzakalamba adzapeze penshoni.

Wolembedwa ntchito afunse kontratu ndi nambala ya INSS tsiku loyamba lomwelo. Akamukaniza, akadandaule ku Inspecção do Trabalho ku Tete. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa "ndalama zikabwera" ngwa mphepo.