Asanakhale Kumbuyo kwa Payiloti, Ayambe Wagwira Chiwongolero

M'ndege zambiri zankhondo mumakhala msilikali wina amene sagwira chiwongolero. Ku America, asilikali apamadzi amamutcha Naval Flight Officer, pomwe amumlengalenga amati Combat Systems Officer. Iyeyu ndiye amayang'anira njira, rada, mawailesi ndi zida. M'ndege ya F/A-18F amakhala pampando wakumbuyo. Mu E-2 Hawkeye amakhalamo atatu m'chipinda chodzaza makina, mapayiloti awiri ali kutsogolo. Tsono funso nali: kodi munthu amene ntchito yake siidzakhala youlutsa ndege n'kumutayiranji nthawi ndi ndalama pomukweza kandege ka anthu wamba kuti aphunzire kunyamuka ndi kutera? Ine ndikuti maola ochepawo ndiwo maziko a ntchito yake yonse, ndipo kuwachotsa n'kupulumutsa ndalama poika miyoyo pachiswe.

Mwambo woyambira pa ndege yaing'ono si wa dzulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, asilikali amumlengalenga a ku America ankayesa ofuna kukhala mapayiloti pa ndege ya T-41, imene ndi Cessna 172 yomweyo yovekedwa mtundu wa usilikali. Mu 1994 adabweretsa T-3A Firefly, ndege yotha kupidiguka m'mwamba. Pakati pa 1995 ndi 1997 zitatu zidagwa ku Colorado, ndipo anthu asanu ndi mmodzi, aphunzitsi atatu ndi ophunzira atatu, adafa. Ndegezo zidaimitsidwa mu 1997, ophunzira n'kuyamba kutumizidwa ku sukulu za anthu wamba. Mu 2006 maphunzirowa adawasonkhanitsa pamalo amodzi ku Pueblo, m'manja mwa kampani ya Doss Aviation, pa kandege ka mipando iwiri ka Diamond DA20, ndipo odzakhala kumbuyo nawonso ankadzera komweko. Asilikali apamadzi adali ndi dongosolo lawo, la Introductory Flight Screening, lotumiza ophunzira awo ku sukulu zotere asanakwere ndege ya T-6 Texan II.

Chifukwa choyamba chili m'thupi la munthu. Mayeso a m'kalasi amaonetsa wodziwa masamu ndi mapu, koma saonetsa amene nseru idzamugwire ndege ikangopendekeka, kapena amene nzeru zidzamuthawe mphepo ikamukankhira kumbali potera. Msilikali wakumbuyo ndiye amavutika kwambiri ndi chizungulire, poti maso ake amakhala pa makina pomwe mnzake akukhotetsa ndege mosamuchenjeza. Kuli bwino kuti zimenezi zidziwike m'sabata zoyambirira, pa ndege ya injini imodzi yosadya mafuta ambiri, kusiyana n'kuti zidzaululike boma litawononga kale chuma pa ndege zodula. Wophunzirayo nayenso amathandizika: amasankha ntchito ina ya usilikali akadali ndi nthawi. M'mera m'poyamba.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti munthu sathandiza bwino pa katundu amene sanamusenzepo. Amene adayeserapo kutsitsa ndege pabwalo, dzanja lina pa chiwongolero, lina pa mphamvu ya injini, mapazi akuwongola mchira, khutu lili ku wailesi ya pansanja, amadziwa kuti pa mphindi imeneyo mutu wa payiloti wadzaza. Amadziwa nthawi yolankhula ndi yokhala chete. Amadziwanso kuti mphuno ya ndege ikadzuka mopitirira, mapiko amaleka kuinyamula ndipo imayamba kugwa, chifukwa adamvapo yekha kunjenjemera kumene kumatsogolera zimenezo. Chidziwitso chotere sichilowa kudzera m'buku.

Chachitatu ndicho chachikulu: mawu a wosagwira chiwongolero ayenera kukhala ndi kulemera. Pa 27 Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747 zidawombana pabwalo m'chifunga, anthu 583 n'kufa. Injiniya wa m'ndege ya KLM adafunsa ngati ndege ya Pan Am idali itachoka panjira, koma kaputeni adamuyankha motsimikiza n'kupitiriza kuthamanga. Ngoziyo ndi imodzi mwa zimene zidasintha kaphunzitsidwe ka ogwira ntchito m'ndege pa dziko lonse, kuti wamng'ono azitha kutsutsa wamkulu. Koma kulimba mtima kotero sikubwera ndi lamulo lokha. Msilikali wakumbuyo akati ndege yatsika kwambiri, ayenera kukhulupirira maso ake, ndipo payiloti ayenera kudziwa kuti akumva mawu a munthu amene adagwirapo chiwongolero.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si zachibwana. Amati aphunzitsi ambiri a sukulu za anthu wamba ndi achinyamata amene akungosonkhanitsa maola. N'zoona kuti kuyambira 2013 malamulo a ku America amafuna kuti wofuna kuulutsa ndege za makampani akuluakulu akhale, kawirikawiri, ndi maola 1,500, ndipo ambiri amawapeza pophunzitsa ena. Mphunzitsi wotere akakwanitsa maola amachoka. Amatinso sukulu zimasiyana: ina yokhwima, ina yolekerera, ndipo sukulu yolipidwa pa ola siifulumira kunena kuti wophunzira walephera. Komanso kaulukidwe ka anthu wamba n'kodekha, pomwe ku usilikali wophunzira amayenera kuloweza pamtima zochita pangozi n'kuzinena ataimirira pamaso pa mphunzitsi.

Zonsezi zikutsutsa kayendetsedwe, osati maphunziro enieniwo. Asilikali apamadzi ataona zofookazi sadathetse kuuluka koyamba. Mu 2020 adakhazikitsa Naval Introductory Flight Evaluation ku Pensacola, m'chigawo cha Florida, n'kuphatikiza maphunziro a m'kalasi ndi a m'mwamba pansi pa ulamuliro wawo. Ndege idakhalabe yaing'ono ya anthu wamba, koma muyeso ndi wa asilikali. Apa ndi pamene ndikuima: ndege ikhoza kukhala yobwereka, koma chiweruzo cha amene wakhoza chisabwerekedwe.

Ena amati makina oyeserera kuuluka a pakompyuta akwana. Makinawa ndi othandiza pophunzira ndondomeko, ndipo munthu akhoza kubwereza ngozi imodzi kakhumi osavulala. Komatu ubwino womwewo ndiwo malire ake. Wophunzira amadziwa kuti akalakwa adzazimitsa n'kuyambiranso, motero mantha enieni samufika. Usilikali umafuna kudziwa mmene munthu amaganizira mantha atamufika.

Pa mlandu umenewu sitikuwerenga maola okha. Tikunena za anthu awiri m'ndege imodzi usiku, pamwamba pa nyanja, mafuta akuchepa, aliyense moyo wake uli m'manja mwa mnzake. Wakumbuyo akakhala kuti adalawapo ntchito ya wakutsogolo, amakhala maso achiwiri ndi mutu wachiwiri. Akakhala kuti sadailawepo, amakhala katswiri wa makina wokwezedwa m'ndege. Mutu umodzi susenza denga, koma mutu wachiwiriwo uyenera kudziwa kulemera kwa dengalo.